Abasque ndi Chilankhulo Chimene Chinakana Kufa

Kumadzulo kwa mapiri a Pyrenees, pamene mapiriwo amatsika kukakumana ndi nyanja yamchere ya Atlantic, kuli dera limene linagawidwa pakati pa Spain ndi France, koma ambiri mwa eni ake amalitenga ngati dziko limodzi ndipo amalitcha Euskal Herria. Derali ndi laling'ono, pafupifupi masikweya kilomita 21,000, ndipo mumakhala anthu opitirira pang'ono 3 miliyoni. Mwamwambo limawerengedwa kuti lili ndi zigawo zisanu ndi ziwiri: Bizkaia, Gipuzkoa, Araba ndi Nafarroa zili ku Spain, pamene Lapurdi, Nafarroa Beherea ndi Zuberoa zili ku France. Mizinda yake yodziwika ndi Bilbao, Donostia kapena kuti San Sebastián, Vitoria-Gasteiz, Pamplona ndi Bayonne. Anthu a kumeneku, Abasque, alibe boma lodziimira palokha, komabe asunga chilankhulo, miyambo ndi malamulo awo ena kwa zaka mazana ambiri ali pakati pa mayiko awiri amphamvu amene kwa nthawi yaitali ankafuna kuti nzika zawo zonse zilankhule ndi pakamwa pamodzi.

Chimene chimawasiyanitsa kwambiri ndi anansi awo ndi chilankhulo chawo, Euskara. Zilankhulo zimene zawazungulira, monga Chisipanishi, Chifalansa, Chipwitikizi, ngakhalenso Chingerezi ndi Chijeremani, zonse ndi za banja limodzi lalikulu ndipo zinachokera kwa kholo limodzi. Euskara sali m'banja limenelo, ndipo akatswiri a zilankhulo sanapeze chilankhulo chamoyo chilichonse padziko lapansi chimene angatsimikize kuti ndi m'bale wake. Ena anayesa kumulumikiza ndi zilankhulo za kumapiri a Caucasus, ena ndi za kumpoto kwa Africa, koma umboni unakhala wosakwanira. Chimene chimadziwika bwino ndi chakuti m'nthawi ya ulamuliro wa Aroma, kudera la Aquitaine kumwera chakumadzulo kwa France, anthu ankalemba pamiyala ya pamanda mayina ngati Nescato, Cison ndi Andere, amene amafanana kwambiri ndi mawu a Euskara wa lero otanthauza mtsikana, mwamuna ndi mayi. Izi zikusonyeza kuti chilankhulochi chinalipo kale Chilatini chisanafike, ndipo mwa zilankhulo zakale za kunja kwa banja lalikulu lija, ndi chokhacho chimene chinapulumuka kumadzulo kwa Ulaya pamene zinzake za nthawi imeneyo zinamezedwa.

Chifukwa cha chinsinsi chimenechi, zolemba zambiri zokhudza Abasque zimathera pa funso lakuti anachokera kuti, ndipo ena amafika powafotokoza ngati zotsalira za anthu a m'mapanga. Kafukufuku wa DNA ya mafupa akale sagwirizana ndi nthano imeneyi, pakuti waonetsa kuti makolo awo anali osakanikirana mofanana ndi anthu ena a m'dera la Spain ndi Portugal, kungoti pambuyo pake sanasakanikirane kwambiri ndi magulu amene anabwera m'nthawi ya Aroma ndi ya Aluya. Kwa ine funso la chiyambi ndi lopepuka poyerekeza ndi funso lina, lakuti chilankhulo chaching'ono chimene chinalibe boma lochiteteza chinakhala bwanji ndi moyo mpaka lero. Yankho lake silili m'magazi, koma m'zinthu zimene anthu anamanga ndi manja awo: nyumba ya pamudzi, malamulo a makolo, ndipo pomalizira sukulu.

Nyumba ya pamudzi imatchedwa baserri, ndipo kwa zaka mazana ambiri inali maziko a moyo wonse. Ndi nyumba yaikulu ya miyala ndi matabwa, imene pansi pake pamakhala ng'ombe ndi nkhosa, pamwamba pake banja ndi nkhokwe ya zokolola, ndipo minda ndi nkhalango zimakhala mozungulira. Lamulo la makolo linali lakuti baserri sigawidwa. Makolo ankasankha mwana mmodzi yekha kuti alowe nyumba ndi minda yonse, ndipo m'madera ambiri mwanayo ankatha kukhala wamkazi kapena wamwamuna. Nyumba inali ndi dzina lake, ndipo anthu ankadziwika ndi dzina la nyumba imene anabadwiramo, nchifukwa chake mayina ambiri a mabanja a Chibasque, monga Etxeberria ndi Goikoetxea, ndi mayina a nyumba. Anansi ankathandizana pokonza misewu, pomanga nyumba imene yapsa ndi pokolola, mwambo umene amautcha auzolan, ndipo aliyense amene anaonapo dima kumudzi angaumvetse mosavuta. M'nyumba zimenezi ndi mmene Euskara ankayamwidwa ndi mkaka wa m'mawere, kutali ndi makhoti ndi maofesi amene ankagwiritsa ntchito Chilatini, kenako Chisipanishi ndi Chifalansa.

Mwambo wosagawa nyumba unali ndi chotsatira china chachikulu, pakuti ana amene sanalowe chuma ankayenera kukafuna moyo kwina. Ambiri anapita panyanja. M'zaka za m'ma 1500 asodzi a Chibasque ankawoloka Atlantic kukasaka anamgumi ndi nsomba kugombe la Canada, ndipo malo awo a ku Red Bay m'chigawo cha Labrador analembedwa ndi UNESCO mu 2013 ngati chuma cha dziko lonse. Juan Sebastián Elcano wa ku Getaria ndi amene anafikitsa kunyumba chombo cha Victoria mu 1522, atamaliza ulendo woyamba wozungulira dziko lapansi mtsogoleri wa ulendowo, Magellan, atafera panjira. Ena analowa ntchito ya mpingo: Ignatius wa ku Loyola, amene anabadwa mu 1491 ku Gipuzkoa ndi kuyambitsa chipani cha Ajezuiti, anali Mbasque, ndipo dzina la kwawo ndi limene lili pa sukulu ya sekondale ya Loyola ku Kasungu. Mnzake Francis Xavier anali wa ku Nafarroa. M'zaka za m'ma 1800 ndi 1900 enanso ambiri anasamukira ku Argentina, Uruguay ndi Chile, kapena kukaweta nkhosa kumadzulo kwa United States, kumene mzinda wa Boise ku Idaho uli ndi gulu lalikulu la zidzukulu zawo mpaka lero.

Chipilala chachiwiri chinali malamulo a makolo otchedwa foruak, kapena fueros m'Chisipanishi. Zigawo za Chibasque za ku Spain zitalowa pansi pa mafumu a Castile, zinasunga mabwalo awo a malamulo, kayendetsedwe ka misonkho yawo ndi ufulu wosatengedwa mokakamiza kupita kunkhondo kunja kwa dera lawo. Mfumu inkayenera kulumbira kuti idzalemekeza malamulowa, ndipo ku Bizkaia lumbiro limeneli linkachitikira pansi pa mtengo wa thundu m'tauni ya Gernika, umene mbadwa zake zimabzalidwa pamalo omwewo mtengo wakale ukafa. Ku France ufulu umenewu unathetsedwa ndi kusintha kwa boma kwa mu 1789. Ku Spain unachepetsedwa pambuyo pa nkhondo yoyamba ya otsatira Don Carlos, amene ankalimbirana ufumu wa Spain, ndipo unathetsedwa mu 1876 pamene nkhondo yomaliza ya gulu limeneli inatha. Chimene chinatsala ndi pangano la misonkho la mu 1878, limene linalola zigawo kutolera msonkho zokha ndi kupereka gawo logwirizana ku boma la ku Madrid. Pangano limeneli likugwirabe ntchito lero, ndipo ndi lofunika kulikumbukira, chifukwa ndalama zambiri zimene zinalipira kutsitsimuka kwa Euskara zinadutsa pakhomo limeneli.

M'zaka zomwezo za kumapeto kwa m'ma 1800, migodi ya chitsulo ya pafupi ndi Bilbao inasintha dera lonse. Miyala ya chitsulo inkatumizidwa ku Britain, mafakitale osungunula chitsulo ndi opanga zombo anamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Nervión, ndipo anthu zikwi zambiri olankhula Chisipanishi anabwera kudzafuna ntchito. Euskara anayamba kuonedwa ngati chilankhulo cha osaphunzira a kumapiri. M'masukulu ambiri munali chilango cha mphete: mwana amene wamveka akulankhula Euskara ankapatsidwa mphete, iyenso ankaipereka kwa mnzake amene wamugwira, ndipo amene inamuthera m'manja ndiye ankalandira chilango. Ndi m'nyengo imeneyi pamene Sabino Arana anayambitsa chipani cha PNV, chomenyera ufulu wa Abasque, mu 1895, ndipo iye ndi mbale wake Luis anajambula mbendera yofiira, yobiriwira ndi yoyera yotchedwa ikurriña. Nkoyenera kunena mosabisa kuti maganizo a Arana anali ndi tsankho, popeza kwa iye Mbasque weniweni ankadziwika ndi magazi ndi mayina a makolo, ndipo obwera ankawanyoza. Zinatenga mibadwo kuti ganizo limeneli lisiyidwe ndi kuti chilankhulo, chimene munthu aliyense angaphunzire, chitenge malo a magazi.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain itayamba mu 1936, boma la Republic linapatsa Abasque ufulu wodzilamulira, ndipo José Antonio Aguirre analumbirira ku Gernika ngati mtsogoleri woyamba, lehendakari. Boma lakelo silinathe chaka lili pa nthaka yake. Pa 26 Epulo 1937, tsiku la msika, ndege za Germany ndi Italy zothandiza Francisco Franco, mtsogoleri wa asilikali oukira boma, zinaponya mabomba pa Gernika kwa maola angapo mpaka gawo lalikulu la tauniyo linapsa, ndipo chithunzi chimene Pablo Picasso anajambula chaka chomwecho chinachititsa kuti dzina la tauniyi lidziwike padziko lonse. Mwezi wotsatira ana pafupifupi 4,000 anakwezedwa chombo cha Habana kuthawira ku Southampton ku Britain. Bilbao inagwa mu Juni, ndipo Franco analanda Bizkaia ndi Gipuzkoa pangano lawo la misonkho powalanga, pamene Araba ndi Nafarroa, kumene ambiri anamuthandiza, anasunga lawo. Mfundo imeneyi imatikumbutsa kuti Abasque sanali mbali imodzi pa nkhondoyo. Mu ulamuliro wa Franco, umene unafika mpaka 1975, Euskara anachotsedwa m'masukulu, m'maofesi ndi m'kaundula wa mayina a ana, ikurriña inaletsedwa, ndipo makolo ambiri, chifukwa cha mantha kapena pofuna kuti ana awo apeze ntchito, analeka kulankhula nawo chilankhulo cha makolo.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yonse. M'zaka za m'ma 1940 mphunzitsi wina wamkazi, Elbira Zipitria, anayamba kuphunzitsa ana ochepa mu Euskara mobisa m'nyumba mwake ku Donostia. M'zaka za m'ma 1960 masukulu otere, otchedwa ikastola, anafalikira m'matauni ambiri. Makolo ankasonkha ndalama za lendi ndi malipiro a aphunzitsi, ambiri mwa aphunzitsiwo anali atsikana amene ankalandira zochepa, mabuku ankalembedwa pamanja kapena kusindikizidwa pamakina ang'onoang'ono, ndipo nthawi zambiri sukuluyo inkabisala pansi pa dzina la parishi. Akuluakulu nawonso anayamba kusonkhana usiku ataweruka kuntchito kuti aphunzire kuwerenga ndi kulemba chilankhulo chimene ankangochilankhula, kapena kuchiphunzira kuyambira pachiyambi. Mzimu womwewo wa kusonkha mphamvu unaonekanso pa zachuma m'tauni ya Arrasate, kumene wansembe José María Arizmendiarrieta anatsegula sukulu ya ntchito zamanja mu 1943, ndipo ophunzira ake anayambitsa fakitale ya eni ake ogwira ntchito mu 1956, chiyambi cha makopaletivi a Mondragon amene lero amalemba ntchito anthu zikwi makumi ambiri.

Koma sukulu imafuna chilankhulo chimodzi cholembedwa, ndipo Euskara analibe. Buku loyamba losindikizidwa mu Euskara, ndakatulo za wansembe Bernard Etxepare, linatuluka mu 1545, ndipo Chipangano Chatsopano chinamasuliridwa ndi Joanes Leizarraga mu 1571, koma kuyambira pamenepo wolemba aliyense ankalemba m'kalankhulidwe ka kwawo, ndipo munthu wa ku Bizkaia ankavutika kumva wa ku Zuberoa. Bungwe loyang'anira chilankhulo, Euskaltzaindia, limene linakhazikitsidwa mu 1919, linaitanitsa msonkhano ku Arantzazu mu 1968, kumene katswiri Koldo Mitxelena anapereka maziko a kalembedwe kogwirizana kotchedwa euskara batua, kochokera makamaka pa malankhulidwe a pakati pa dzikolo. Mkangano unali waukulu, ndipo anthu ena anadana kwa zaka zambiri pa nkhani ya chilembo cha h, chimene a kumpoto amachitchula pamene a kumwera sachitchula. Ena ankaopa kuti batua adzapha malankhulidwe a m'midzi, ndipo mantha amenewo sanali opanda pake. Komabe popanda chisankho chimenechi sipakanakhala mabuku a sayansi, nyuzipepala, wailesi ya kanema kapena maphunziro a ku yunivesite mu Euskara.

Mbiri imeneyi ili ndi mbali ya magazi imene singadumphidwe. Gulu la ETA, lofuna dziko la Abasque lodziimira palokha, linayamba mu 1959 pakati pa achinyamata amene ankaona kuti PNV yafooka, linapha munthu koyamba mu 1968, ndipo mu 1973 linapha nduna yaikulu ya Franco, Luis Carrero Blanco. Koma ambiri mwa anthu oposa 800 amene ETA inapha anafa demokalase itabwera kale, ndipo pakati pawo panali apolisi, oweruza, atolankhani, makhansala, amalonda ndi ana. Bomba la mu sitolo ya Hipercor ku Barcelona mu 1987 linapha anthu 21, ndipo kuphedwa kwa khansala wachinyamata Miguel Ángel Blanco wa ku Ermua mu 1997 kunatulutsa makamu a anthu m'misewu, kuphatikizapo Abasque ambirimbiri, kukana nkhanzazo. Boma nalonso linadetsa manja: gulu la GAL, limene linkasaka anthu a ETA mothandizidwa ndi akuluakulu ena a boma, linapha anthu 27 pakati pa 1983 ndi 1987, ndipo nduna yakale ya zam'dziko, José Barrionuevo, inapezeka yolakwa kukhoti mu 1998. ETA inalengeza kusiya nkhondo mu Okutobala 2011, inapereka zida mu 2017 ndipo inadzithetsa mu 2018. Chilankhulo chinavulala pakati pa mkanganowu, chifukwa ena anayamba kukayikira aliyense wochilimbikitsa. Nyuzipepala ya Egunkaria inatsekedwa ndi khoti mu 2003 pa milandu yogwirizana ndi ETA, ndipo akuluakulu ake anapezeka osalakwa mu 2010, nyuzipepalayo itafa kale. Amene anapulumutsa Euskara si onyamula mfuti, koma aphunzitsi ndi makolo aja.

Pangano la Gernika la mu 1979 linakhazikitsa boma lodzilamulira la Bizkaia, Gipuzkoa ndi Araba, lokhala ndi nyumba ya malamulo ku Vitoria-Gasteiz, apolisi ake otchedwa Ertzaintza, ndi ulamuliro pa maphunziro ndi zaumoyo. Euskara anakhala chilankhulo cha boma pambali pa Chisipanishi, ndipo wailesi ndi kanema wa boma zinayamba kuulutsa mu Euskara kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Makolo anapatsidwa mwayi wosankha pakati pa njira zitatu za maphunziro: A, imene zonse zimaphunzitsidwa m'Chisipanishi ndipo Euskara ndi phunziro chabe, B, imene imagwiritsa ntchito zilankhulo zonse ziwiri, ndi D, imene zonse zimaphunzitsidwa mu Euskara ndipo Chisipanishi ndi phunziro chabe. Poyamba ambiri anasankha A, koma lero ana ochuluka kwambiri ali mu D, kuphatikizapo ana a mabanja amene kunyumba kwawo simumveka liwu limodzi la Euskara. Nafarroa ili ndi boma lakelake, ndipo lamulo la mu 1986 linaigawa m'madera atatu, kotero kuti ufulu wa chilankhulo umene munthu ali nawo umadalira mudzi umene akukhala. Ku France malamulo oyendetsera dziko amazindikira Chifalansa chokha ngati chilankhulo cha boma, ndipo ngakhale bungwe la makolo la Seaska layendetsa maikastola kuyambira mu 1969, chiwerengero cha olankhula Euskara kumeneko chakhala chikutsika pamene okalamba a m'midzi akutha.

Chikhalidwe chamoyo chimaoneka bwino pa luso la bertsolari, wolakatula mosakonzekera. Wotsogolera mwambo amapereka mutu, ndipo wolakatulayo, ataima patsogolo pa khamu popanda choimbira chilichonse, amaganiza kwa masekondi ochepa kenako amayimba ndakatulo yotsata nyimbo, muyeso wa mizere ndi kufanana kwa mawu kumapeto, nthawi zina akuyankhana ndi mnzake. Kale luso limeneli linali la amuna a m'midzi pamalo omwera chakumwa cha maapozi, koma lero limaphunzitsidwa m'masukulu, ndipo ndime yomaliza ya mpikisano wake, umene umachitika pa zaka zinayi zilizonse, imadzaza bwalo la anthu oposa 10,000 amene amakhala tsiku lonse kumvetsera ndakatulo. Maialen Lujanbio anakhala mkazi woyamba kupambana mu 2009, ndipo anapambananso mu 2017 ndi 2022. Palinso Korrika, mpikisano wothamanga molandirana umene unayamba mu 1980, umene umazungulira zigawo zonse zisanu ndi ziwiri usana ndi usiku mosalekeza kwa makilomita oposa 2,000, ndipo mabungwe ndi midzi amagula kilomita iliyonse kuti ndalamazo zithandize masukulu a akuluakulu a bungwe la AEK. Masewera a pelota, amene amaseweredwa pomenya mpira kukhoma ndi dzanja, ali ndi bwalo pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo mipikisano yodula zipika ndi nkhwangwa kapena kunyamula miyala inachokera ku ntchito za pa baserri.

Okonda mpira wamiyendo amadziwa timu ya Athletic Club ya ku Bilbao, imene imalemba osewera okhawo amene anabadwira kapena kukulira mpira m'dziko la Chibasque, ndipo sinatsikepo mu ligi yaikulu ya Spain. Pakati pa akatswiri ake otchuka a zaka zino pali Iñaki ndi Nico Williams, ana a makolo ochokera ku Ghana, mmodzi wobadwira ku Bilbao ndi wina ku Pamplona. Kwa Arana anyamata amenewa sakanawerengedwa, koma kwa anthu odzaza bwalo la San Mamés ndi ana a pakhomo, ndipo kusiyana kumeneku kukuonetsa mtunda umene tanthauzo la kukhala Mbasque layenda m'zaka zana limodzi.

Ntchito siinathe, ndipo vuto la lero ndi losiyana ndi la nthawi ya Franco. Kafukufuku wa boma wa mu 2021 anapeza kuti pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse a zaka 16 kupita m'mwamba m'dziko lonse la Chibasque amatha kulankhula Euskara, ndipo chiwerengerochi ndi chachikulu kwambiri pakati pa achinyamata. Koma kuwerenga kwa zimene zimamveka m'misewu, kumene kunachitika chaka chomwecho, kunasonyeza kuti ndi pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa asanu ndi atatu amene anamveka akulankhula Euskara. Mwana amaphunzira masamu ndi sayansi mu Euskara, koma akatuluka pa chipata cha sukulu amacheza ndi anzake m'Chisipanishi, chifukwa ndi chimene amachimva kunyumba, pa foni ndi pa intaneti, komanso chifukwa pagulu pakakhala munthu mmodzi wosamva, onse amasintha chilankhulo pomulemekeza. Pofuna kuthana ndi chizolowezi chimenechi, mabungwe a chilankhulo pamodzi ndi maboma a m'derali anayambitsa Euskaraldia mu 2018. Kwa masiku angapo anthu amavala kabaji pachifuwa: a mtundu wina, ahobizi, amalonjeza kuyamba kulankhula mu Euskara ndi aliyense amene akumva, ndipo a mtundu wachiwiri, belarriprest, amapempha kuti anzawo awalankhule mu Euskara ngakhale iwo atayankha m'Chisipanishi kapena m'Chifalansa. Ulendo woyamba unatenga masiku 11, ndipo anthu oposa 200,000 analembetsa.